Nyumba ya Kumsewu

Lolemba, 2 Junyu

Chisanu. Fumbi Kalomwe yense. Alamu anga a Caetano akadali m'nyumba ya kumsewu, ija tinamanga ndi malemu amuna anga a Octávio. Njerwa ndinaumba ndine. Renda, ndalama yokhalira m'nyumbamo, sanaperekepo chiikire maliro. Kwawoko matumba a kachewere mpaka kudenga, malole akungonyamula. Ine ndi ana m'kachipinda ka kuseri, mchere wogula pa supuni. Ndikadandaula basi.

Lachinayi, 5 Junyu

Ku tribunali ya m'bairo, bwalo la milandu la m'dera lathu lino. Anandimvetsera, sindinganame. Kenaka mkulu wawo: "Mayi, awa ndi alamu anu. Za m'banja zimayambira kwa ankhoswe." Ankhoswe ali ku Domwe. Ndapita. Iwonso akuti unkhoswe unatha ndi maliro, za ndalama n'za boma. Ndalama yokwerera chapa, minibasi ija, yapita. Mapazi atupa.

Lachisanu, 13 Junyu

Ulongwe, tribunali yaikulu. Benchi lozizira, mpaka masana. Mlembi wafunsa kontaratu, pepala la pangano la renda. Kontaratu ndi mlamu? A Caetano anangogwirana chanza ndi mkulu wawo a Octávio, ine ndikuthira tiyi. Wafunsanso kuti malowo ali m'dzina la yani. La a Octávio. "Musanafunse renda, zidziwike kaye kuti nyumba ndi ya yani. Zimenezo kayambireni kwanu."

Ndagula nthochi pa siteji. Sindinamve kukoma.

Lamulungu, 22 Junyu

Ku misa a Caetano anandipatsa chanza cha mtendere. Dzanja lofunda. Madzulo atumiza kachewere, akuti wa ana. Ndalandira ndi manja awiri, ndathokoza. Mwana wanga Arlete wadya mpaka kugona pamkeka pomwepo. Ndimafuna kukwiya, koma mkwiyo wake sukubwera.

Lachiwiri, 8 Julyu

Abale a amuna anga anakumana dzulo, pakhonde la nyumba yomweyo. Ine pansi, chakumbali. Zaka zonsezi palibe anafunsapo za mwini nyumba. Funsolo ndinakalitenga ndekha ku Ulongwe, ndi miyendo yanga.

Akuti cha mwamuna chimabwerera kwa abale ake. Nyumba ndi ya a Caetano, malo onse. Za njerwa sanatchule. Nanenso sindinatchule.

Kachipinda ka kuseri akuti tikhalebe, sangathamangitse ana a m'bale wawo. Anthu akumwazikana, a Caetano anandiyandikira, mawu ofatsa: "Musade nkhawa, alamu. Renda ya kachipindako tidzakambirana."

Ndinati zikomo. Ndikuganiza kuti ndinati zikomo.