Batani Lachitatu

Lolemba, 2 Juni

Akazi anga sanadzukenso lero. Tiyi ndinawasiyira pampando pafupi ndi bedi, madzulo ndamupeza momwemo, ntchentche ili mkati. Mutu sakudandaula, m'mimba sakudandaula. Thupi silikutentha, ndagwira pamphumi. Amangoyang'ana khoma.

Kushopu mulu wa malaya a ana asukulu, onse opanda mabatani. Chikwatiranireni ntchito timagawana: ine makina, iwo singano yamanja. Chitini cha mabatani chachita fumbi.

Alamu, akulu awo, anabwera masana. "Mumawalekerera ndinu, munthu wosadwala angagone bwanji dzuwa lili pamutu?" Ndinangoti zikomo.

Lachinayi, 5 Juni

Kuchipatala. Ndinkati akapima magazi apeza kanthu. Sanapeze. Kenako chipinda chakumapeto, namwino wamagalasi, mafunso okhaokha. Tulo? Chakudya? Chimene chimawasangalatsa? Iwo: palibe. Anawafunsanso ngati amaganizako zofa. Anavomera ndi mutu. Ine ndili pambali pawo pomwepo, mwamuna wawo, osadziwa.

Akuti ndi matenda ovutika maganizo. Matenda enieni, si ulesi, si kusayamika, ndipo amachizika. Piritsi limodzi m'mawa uliwonse. Siligwira msanga, pamapita masabata, ndipo osasiyira panjira ngakhale atayamba kupeza bwino. Lachinayi lililonse kukacheza ndi mlangizi. Akayankhula zofa, kuthamanga nawo tsiku lomwelo. Mapiritsi ndizisunga ine.

Lachinayi, 12 Juni

Nseru, chizungulire, kukamwa kouma. Namwino anachenjezeratu kuti poyamba zimatero. Kusintha kwina sindikukuona. Kusesa ine, kuchapa ine, kuphika ine. Sindiwalola kugwira ngakhale supuni.

Mlangizi anandiitanira mkati, akumwetulira. "Bambo, mukawalanda ntchito zonse atsala ndi khoma lija. Apatseniko kamodzi kakang'ono kamene manja awo amakadziwa."

Ndabwera nacho kunyumba chitini chija, ndi malaya ochepa.

Lachiwiri, 17 Juni

Asoka. Atakhala pakhomo, padzuwa, pang'onopang'ono. Chimwemwe changa chinathera patebulo la kushopu. Mabatani okhota. Lina pamwamba pa bowo lake, lina pansi, ukamanga malaya akukwinyika pachifuwa. Mwini oda ndi mphunzitsi wamkulu wa pasukulupo, maso ake saphonya kanthu. Ndatenga lezala, ndadula onse, ndasokanso. Iwo sadziwa.

Loweruka, 28 Juni

Zikuyenda momwemo. Iwo kusoka madzulo, ine kumasula m'mawa. Akudyako. Asamba osawauza. Dzulo anandiyang'ana m'mutu n'kufunsa ngati wometa anali ndi mangawa ndi ine. Nthabwala yoyamba chiyambireni zimenezi. Ndinatuluka, kukaima kuseri kwa nyumba kanthawi.

Lachinayi, 3 Julaye

Pochokera kwa mlangizi anapempha okha kuti tidzere kushopu. Ine n'kusangalala, chitsiru. Anatenga malaya amodzi, n'kutembenuza kumkati. Iwo amamanga mfundo kawiri n'kusiya kamchira ka ulusi. Ine ndimadula pafupi, sipatsala kanthu. Anatembenuza ena. Ndi enanso. Mawu sanakweze. "Ndiye abambo, masiku onsewa mumangondinyengerera ngati mwana?"

Kunyumba. Bedi. Khoma.

Loweruka, 5 Julaye

Piritsi anakana dzulo, akananso lero. "Ngakhale batani sinditha. Mankhwalawa mukungowataya." Sizasi ndi mipeni ya m'nyumba ndazichotsa.

Ndinaimbira namwino, anati ndibwere nawo lero lomwe. Anakambirana awiriwiri nthawi yaitali. Kenako namwino anandipeza pabenchi. Akuti kubwerera m'mbuyo kumachitika, si kuti zonse zawonongeka. Koma bodza ndisiye. "Malaya asukulu ndi ambiri, bambo. Akazi anu ndi amodzi."

Lolemba, 7 Julaye

Amwa. Ndapepesa, osakometsera: ndinaopa mphunzitsi uja, ndinaopa kuti anthu ati telala wayamba kugwa manja.

Shati yanga yabuluu, batani lachitatu linathothoka kalekale, ndimangobisa ndi tepi yoyezera imene ndimakoleka m'khosi. Ndawaonetsa. Ndati iyi si ya mlangizi, si yokunyengererani, ndi yong'ambika ndithu. Ndaisiya pampando, singano nditabaya pakolala.

Lachitatu, 23 Julaye

Shati ija yakhala pampando nthawi yonseyi. Sindinaigwire, ngakhale manja ankayabwa. Alamu anafuna kundisokera, ndinakana.

Lero m'mawa ndaipeza yopindidwa. Batani lachitatu lili m'mwamba pang'ono. Ulusi wakuda pansalu yabuluu. Kamchira kumkati, kondikanda pachifuwa. Ndavala, tepi ndaika m'thumba.

Wosoka nsapato wa pafupi ndi shopu sanachedwe. "Atelala, za eni zowongoka, zanu zokha zaledzera?" Ndamuuza kuti ndi fasho yatsopano, akafuna alipire. Lezala ili m'dirowa. Ndatsegula, ndayang'ana, ndatseka. Kenako ndatsegulanso. Sindinaitenge.

Sanachire, ndisadzinamize. Masiku ena ndi khoma lomwe lija. Namwino akuti mankhwala apitirire miyezi ndithu, kwa mlangizi asadukize. Ndimaopabe m'mawa uliwonse ndisanamve kuti atembenuka pabedi.

Koma madzulo ano ndikulowa anandiimitsa pakhomo. Anagwira batani lija, kuliyang'anitsitsa. "Lakhota. Munthu wamkulu kuyenda chonchi tsiku lonse? Vulani ndimasule ndekha."

Ndavula. Ndakhala ndi vesiti yokha, kukuzizira. Chitini chikulira m'chipinda, akusankha ulusi wabuluu. Akundiitana ndikawalowetsere m'singano, ati maso sakuona bwino, ndipo ndisiye kaye zolembalembazi