Babu Lakale M'chipewa

Lachitatu, Juni, mphepo yozizira.

Ine, Nduna ya Anapiye kuno ku komboni ya Railways, lero ndalandira alendo. A kampani ya malaiti abwera kudzasintha mababu, ati lamulo likuwakakamiza kutithandiza kusunga magetsi. Babu latsopano likuwala ngati mwezi, koma silifunditsa. Anapiye anga angafe nalo.

"Ba shikulu, tipatseni babu yakale," watero mayi wa yunifomu, kunditchula agogo m'chinenero chakwawo.

"Mwana wanga, linakwera sitima ya ku Ndola."

Linali m'chipewa changa, likundiotcha dazi. Tsopano anapiye ali phee pansi pake. Ndikuwaona atakula, matambala okhaokha, akundiperekeza ku tchalitchi.

Za sitimazo ndapeka pano, sindinamuuze zimenezo. Ndinangoti kukamwa yasa. Mayiyo anayang'ana chipewa, nkuseka, nkumapita.