Nkhumba za Alamu ndi Mpunga wa a Halidi

Milepa,
Chiradzulu.
Novembala, 2001.

Okondedwa alamu a Mateyu,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji kumeneko ku Dwangwa, inu ndi mayi a Brave ndi ana onse? Chifuwa chija munkadandaula nacho chinakusiyani? Kuno tadzuka. Amayi anu mwendo ukuwavutabe m'mawa, koma kumunda akupita. Mlongo wanu Yunis ali bwino. Tina wayamba kuyenda chogwira khoma, ndipo mwezi uno kusikelo anamwino sanatikalipire.

Mvula inagwa kamodzi n'kusiya. Ena anabzala, ife tadikira.

Kalatayi ndalemba ndekha, musaseke zilembo. Ndikanatuma wina wophunzira, nkhaniyi ikanazungulira mudzi wonse isanafike ku positi. Ndi nkhani ya nkhumba zanu zimene munandisiyira. Zili moyo zonse, musadzidzimuke. Koma ndiyambe ndi kumene zachokera kuti mumve bwino.

Mukukumbukira kuti mu Febuluwale Tina anatupa miyendo, tsitsi n'kufiira, tinakagona naye kuchipatala ku Boma. Adokotala ananena poyera kuti mwanayu alibe matenda ena, chikumusowa ndi chakudya. Ananena pamaso pa azimayi a m'wodi monse, ine nditaima pakhomo ndi basiketi. Tsiku limenelo ndinaona kuti ganyu woumba njerwa sandilerera mwana.

Nditatuluka kumeneko ndinayamba kugula nkhuku za lokolo m'midzi muno n'kumapita nazo ku Limbe. Ndimapalasa njinga mpaka pa Boma, njinga ndimasiya kwa mlonda wa sitolo ina, chiteletele cha nkhuku ndimakwera nacho minibasi.

Alamu, Limbe simungamudziwenso. Chiyambireni matipate aliyense akuphika. Mukangotsika pa depoti, utsi wa kanyenya, anyamata a chiwaya akukazinga tchipisi m'mbali mwa msewu, azimayi ndi mabeseni a mpunga kuthamangira a m'maofesi nthawi ya nkhomaliro. Malesitilanti ndiye khomo ndi khomo, ena chitseko ndi nsalu chabe. Ine ndinkaganiza kuti malo odyera ochuluka chonchi nkhuku zanga azilanda ndisanatsitse pamutu. Sizinali choncho.

Kumalo a amwenye anandiuza kuti iwo amatenga nkhuku za m'filiji ku kampani. Anyamata a chiwaya amafuna mitu, nthutumba ndi zipalapasiro basi. Mayi wina wa lesitilanti ya kuseri kwa msika ananyamula tambala wanga, n'kumupimapima m'manja, akuti ameneyu wathamanga kwambiri pamoyo wake, nkhuni zophikira ndimupatsa ndine? Malo ambiri amaphika nkhuku zachizungu zimene zasiya kuikira, pa bolodi n'kulemba kuti lokolo.

Amene anandilandira ndi a Halidi. Ndi bambo wachiyawo, wachisilamu, ali ndi lesitilanti yaing'ono kufupi ndi depoti, matebulo ochepa ndi mabenchi. Kumadya madalaivala, makondakitala, ndi mashehe akachoka ku mzikiti Lachisanu. Anthu amenewo nkhuku amaidziwa ndi fupa. Likaphwanyika msanga m'kamwa amaitana mwini wake n'kumufunsa ngati wayamba kuphika siponji. Ndiye a Halidi amafuna lokolo yeniyeni, yamoyo, chifukwa amazinga okha mwa chipembedzo chawo, kumene amati kuchinja. Anandiuza kuti ndizibwera Lachiwiri ndi Lachisanu, ndipo mpaka nkhani ya nkhumbayi anali asanandibwezepo.

Kuyambira pamenepo Tina phala lake limalowa nsinjiro, pena dzira, pena ndimabwera ndi usipa. Nkhuku zina ndasiya kugula, ndikuweta ndekha pakhomo pano.

Tsopano ku lesitilanti kumatsala makombo, mpunga wa m'mbale, mafupa, masamba a kabichi. Wophika wawo, mayi wina dzina lake a Maluwa, ankangotaya kuseri. Ndinapempha kuti azindisungira mu ndowa. Anandifunsa kuti ndi za chiyani, ndinati ziweto. Iwo anaseka, amvekere nkhuku za ku Milepa zizidya mpunga wa mafuta pamene makondakitala akulirira supu wowonjezera. Ine ndinasekanso. Sindinaganize kuti pali chofunika kulongosola. Kwa ine makombo ndi makombo, akatuluka m'mbale alibenso mwini.

Makombo amenewo ndi amene anenepetsa nkhumba zanu. Ndimakhuthulira mu mtondo wong'ambika uja uli m'khola, nkhuku nazo zimalowa pansi pa mitengo n'kumatola nawo limodzi. Amayi okha ananena kuti chibadwire sanaone nkhumba zosalala chonchi mwezi wa Okutobala.

Masabata atatu apitawo a Halidi anabwera ku Boma kudzaona m'bale wawo amene wagonekedwa m'chipatala. Atatuluka anakwera njinga ya hayala kudzandizonda, osanditumizira mawu. Ankafuna aone nkhuku zimene ndikusungira Idi, chikondwerero chawo chomasula kusala, chifukwa tsiku limenelo kwawo kumadzaza. Anandipeza ndili m'khola, ndowa ili m'manja.

Anaima potero. Anayang'ana mu mtondo, nkhumba zili mitu pansi, nkhuku zanga zili pakati pa miyendo yawo. Kenako anati, "Alufeyo, mpunga uwu ndaudziwa."

Sanakalipe. Yunis anawayalira mphasa pansi pa mango, anakhala. Anapereka moni kwa amayi mwaulemu, mpaka anacheza nawo za mwendo. Madzi akumwa anawalandira koma anangowaika pambali. Pochoka anandiuza kuti ndiwaperekeze.

Panjira anandiuza kuti sakundiyesa wabodza, akudziwa kuti ife a mpingo zimenezi sitiziona ngati kanthu. Koma anati anthu amene amadya kwa iwo safunsa kuti nyamayi yachokera kuti, chifukwa amakhulupirira kuti a Halidi anafunsa kale. Anati kondakitala mmodzi yekha wa minibasi za ku Chiradzulu akadzaona zimene aona iwozi, mawa lake mabenchi awo adzakhala opanda munthu. Mawu awo omaliza anali akuti, "Pakhomo pamene pali nkhumba ine sinditengapo nkhuku. Ukakonza, undiuze Idi isanafike, ndidzabwera kudzaona ndekha." Makombo ndiye analetseratu tsiku lomwelo.

Ndinawafunsa ngati kumanga mpanda pakati kungathandize. Anati nkhuku ya lokolo mpanda siudziwa, ndipo ine ndikudziwa kuti akunena zoona. Ndikazitsekera m'khola ndiye zifuna chakudya chogula, komanso sizikhalanso lokolo imene anthu aja amafuna.

Lachisanu ndinapitabe ku Limbe ndi chiteletele, kuyesa makomo ena. Ndinazungulira mpaka dzuwa kupendeka. Amene anafuna ankati ndisiye nkhuku, ndidzatenge ndalama zanga akagulitsa. Mayi wa kuseri kwa msika uja anandizindikira, akuti kodi tambala wothamanga uja wabereka ana? Makombo nawo m'malesitilanti ena ali ndi eni ake kale, anthu a nkhumba a ku Bangwe amachita kulawirira. Ndinabwerera nazo nkhuku zanga, imodzi inafera m'minibasi ndi kutentha.

Nkhaniyi ndinauza Yunis kuti akafikitse kwa amayi, poti ine mkamwini sindingakhale nawo maso ndi maso n'kumakambirana za chuma cha pamudzi pawo. Yankho limene anabwera nalo ndi lakuti nkhumbazo ndi za Mateyu, ndi malata a nyumba yawo amene munawalonjeza, ndiponso yaikazi ija ili ndi bere. Amayi anawonjezera kuti munthu amene anabwera pamudzi pano ndi njinga ndi kachikwama asayambe kuloza ziweto zoti zichoke. Anati ngati Msilamuyo akunyansidwa, akagule nkhuku kwa Asilamu anzake.

Sindikuwadandaula amayi. Akunena zimene akuona. Yunis ndiye ali pakati, kuno mayi ake, kuno ine. Dzulo tikupalira mbatata ndi pamene anati, lemberani achimwene, amayi samva munthu wina.

Ndiye pempho langa ndi ili, alamu. Sindikunena kuti tigulitse nkhumba ndalama tidye, ayi. Sindikunenanso kuti ndizipititse kwathu, ndikudziwa zimene anthu anganene. Ku Mbombwe kuli a Bernard, a mpingo wa Baptist, amene amaweta mbuzi ndipo akhala akufuna nkhumba. Ndinakawaona. Avomera kusinthana, ndipo chifukwa cha bere lija akuti awonjezera kamsoti ka mbuzi. Mbuzizo zidzakhala zanu, m'khola lomweli ndikalikonza, amayi azidzaziona m'mawa uliwonse akatuluka. Posinthana pakakhale amalume anu kuti aone ndi maso awo, ine ndingogwira chingwe.

Ndikudziwa kuti mbuzi siiswa ana ambiri ngati nkhumba. Malata achedwerapo, zimenezo sindikubisirani. Koma mbuzi imadya udzu ndi masamba, zimene ndingamwete ndi chikwakwa changa popanda kupempha munthu. Ndipo mbuzi a Halidi amagulanso.

Mwina mukuti mlamu wanuyu akuopa Msilamu mmodzi ngati kuti Limbe yense ndi wake. Ine a Halidi sindiwaopa. Ndikuopa wodi ija. Usiku Tina akagona ndimamusindikiza chala pamwendo kuona ngati pakutsala dzenje. Yunis amandikalipira kuti ndimudzutsa mwana, koma ndimachitabe. Makomo a Limbe ndawayenda onse ndi mapazi angawa, ndipo khomo limene linatsegukira nkhuku zanga ndi limodzi.

Idi akuti ndi pakati pa Disembala, malinga ndi mwezi ukaoneka. Kalata yochokera kwanuko imachedwa, ndiye chonde musaigoneke iyi pansi pa pilo. Yankho musalembere ine. Lemberani amayi, ndi dzanja lanu, Yunis adzawawerengera pamaso pa amalume. Mawu anga pamudzi pano salemera, anu ndi amene amamveka.

Mukakana, nkhumba zanu sindizikhudza, ndipo a Halidi ndikawauza ndekha kuti afune munthu wina. Koma mukatero mundiuzenso chimene ndizizipatsa. Chichokereni makombo zikungolira m'khola, nthiti zayamba kuoneka. Gaga amene akanakhala wawo tayamba kusakaniza ndi ufa, tikudya ndife. Amayi sanafune kuti mudziwe zimenezi.

Mundiperekere moni kwa mayi a Brave, muwauze kuti nyemba zimene anatumiza zinafika. Moni kwa Brave ndi azing'ono ake, alimbikire sukulu asadzalembe ngati ine. Yunis akuti moni wambiri. Amayi sadziwa kuti ndalemba, koma ndikudziwa kuti akanapereka moni.

Mulungu akusungeni pantchito, akutetezeni ku zikwanje ndi njoka za m'munda wa nzimbe.

Ndine mlamu wanu,
Alufeyo, bambo a Tina.