Kachitsulo ka Pakhosi pa Thandizo

Mwana wanga Dickson,

Moni ku Joniko. Kuno ku Lirangwe tilipo, chimanga chamera.

Anayamba kunditsina khutu ndi a Ida ogulitsa tomato, amvekere, "Mayi, mdzukulu wanu wabwera nazo zakutauni." Zoonadi, Thandizo, mwana wa mlongo wakoyu, anakabooletsa pakhosi, kachitsulo konyezimira n'kukhazikika m'mnofu. Akuti fashoni!

Patatupa n'kuyamba mafinya, ndinati, "Iwe, ine ndachotsa matekenya a mudzi wonse uno, kameneka kangandikanike?" Analira, koma ndinakatulutsa ndi lezala, n'kupakapo phulusa.

M'mawa mwake ngakhale madzi samatha kumeza. Tinamukweza pa kabaza kupita kuchipatala, iye osandiyang'ana n'komwe. Bwera msanga, Dickson. Zinazo si zolemba m'kalata.

Ndine mayi ako,
Enifa