Nsapato Yothina M'chisanu cha ku Trondheim

Trondheim, 9 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Landirani moni wanga. Muli bwanji ku Asmara? Msana uja ukukulolanibe kukhala pa benchi n'kumasoka tsiku lonse? Nanga chifuwa cha amayi chinatha? Ine ndilipo, ntchito yophika buledi ikuyenda, koma mwezi wathawu ndinagona m'chipatala masiku asanu ndi anayi chifukwa cha zala zakuphazi. Musayambe kukalipa ndisanamalize.

Mukukumbukira nsapato zapanjinga munandisokera ndikunyamuka zija. Munati nsapato ya wopalasa igwire phazi ngati khungu, ikakhwepa mphamvu imathera m'kati. Simunaname. Nyengo yotentha yonse ndakhala ndikusiya anzanga m'mbuyo m'mapiri a Bymarka, iwo akungoona msana wanga.

Gulu lathu la opalasa njinga amalitsogolera ndi mayi wina, Torunn. Zaka 63, Bambo, koma pa chitunda chamiyala amakwera akukamba nkhani! Chisanu chitayamba anandiuza kuti ndisinthe nsapato. Ine matama, ndinawayankha kuti ndine mwana wa ku Asmara, ndinkatsikira ku tauni ya Nefasit pa njinga m'mamawa manja atauma gwa, kuzizira asandiphunzitse. Anaseka, nati kuzizira kwathu n'kouma, kwawo kuno kumabwera ndi madzi ndipo sikugogoda pakhomo. Ndinangovala masokosi awiri n'kukanikiza phazi m'nsapato zanu. Safunsa anadya phula.

Loweruka lina tcheni chinaduka tili kutali m'nkhalango. Ndinakankha njinga maola atatu m'matope osakanikirana ndi madzi oundana. Poyamba zala zinkapweteka, kenako zinangoti zii, ine n'kumasangalala kuti zachira. Titafika pa kanyumba kopumirapo ndinavula nsapato, ndipo zala za kumanzere zinali zoyera ngati kandulo. Ndinathamangira ku mbaula monga timachitira kwathu. Torunn anandikoka ngati mwana wakuba shuga, nati kodi ndikufuna kuziwotcha ngati khofi? Anakweza juzi yawo n'kuika mapazi anga pamimba pawo, khungu pa khungu. Ananjenjemera, koma sanawachotse, uku akunditukwana kuti ndine mbuzi yamakani. Ndinalira, Bambo. Mayi ameneyu ndimamulemekeza kwambiri.

Adokotala anati vuto silinali chikopa ayi, koma kuthina. Magazi analibe podutsa.

Nditatuluka, Torunn anandiperekeza kukasankha nsapato za chisanu. Anayamba andiveka sokosi imodzi yokha, yokhuthala, ya ubweya wa nkhosa. Iliyonse ndikavala ankati ndivinitse zala, zikakana kuvina tiisiye, chifukwa chofunditsa phazi ndi mpweya wotsala m'katimo. Anafuna yofika pamwamba pa kakolo kuti madzi asalowere kukamwa kwa nsapatoyo, ndiponso ya mano kunsi yoti ndikatsika n'kumakankha ndisaterereke. Wogulitsa atatulutsa ina yokongola yofiira, anamufunsa ngati akuganiza kuti tikupita ku ukwati. Imene tinatenga ndi yonyansa ngati mutu wa mvuu, koma ndi yofunda.

Tsono imvani izi. Tsiku lomwelo Torunn anatenga nsapato yanu ija n'kuitembenuza, kuikoka, kuipinda, mpaka kuvala magalasi. Anati maola atatu m'madzi, ulusi ngakhale umodzi wosamasuka, anasoka ndani? Nditati ndi bambo anga a ku msika wa Medeber, anati za m'sitolo zonsezi n'zomata chabe, munthu wosoka chonchi kuno anatha kalekale. Anaionetsa gulu lonse. Ine mtima unangoti myaa, kunyada kosaneneka.

Pempho langa ndi limodzi. Mundisokere nsapato ya chisanu ndi manja anu, yaitali, ya chikopa chopaka mafuta, m'kati muli ubweya. Koma muphwanye lamulo lanu, musiye mpata wa chala chanu chachikulu kutsogolo. Ndikudziwa muyamba mwang'ung'udza kuti imeneyo si nsapato koma ngalawa. Ng'ung'udzani, koma musoke.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa achimwene a Habtom ndi alamu, kwa azakhali a Letebrhan, ndi kwa mng'ono wanga Rahwa, amene ndamva kuti walanda njinga yanga yakale.

M'kalata muno ndaikamo pepala limene ndajambulapo mapazi anga kuti mutengerepo muyeso. Mukawerenga zala za kumanzere mupeza zinayi. Sindinalakwitse kujambula, kakang'ono adokotala analephera kukapulumutsa. Musadziimbe mlandu, munasokera mwana wa ku Asmara, wosamva ndinali ine. Ndayambanso kupalasa pang'onopang'ono. Amayi muwauze ndinu, atakhala pansi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Asmeret