Fungo la Phazi la Ababa

Durban, Lachiwiri

Okondedwa achimwene a Filipo,

Moni m'dzina la Ambuye wathu. Kaya muli bwanji kumeneko ndi alamu? Nanga amayi, msana uja? Ine kuno ndili moyo, ndikudya, ndikugwira ntchito.

Sindikupeza tulo chiimbireni foni Lamulungu lija. Munanena mongodutsa kuti ababa ayamba kudyera paokha pakhonde chifukwa bala la kuphazi lili ndi kafungo, basi n'kupitiriza za fetereza.

Mukudziwa kuti ndinkasamalira mzungu wokalamba wodwala shuga, matenda omwewo a ababa. Namwino amene ankabwera kudzamutsuka bala, a Sheila, sankalola kuti ndingoti likununkha. Ankati m'Chingerezi fungo lili ndi mayina ambiri, ndisankhe limodzi. Kusekondale tinangoloweza kuti scent ndi la maluwa, aroma ndi la tiyi akamauma kufakitale, stench ndi la chinthu chakufa, n'kukhoza mayeso. A Sheila anandiphunzitsa ena atatu a pabala. Musty ndi la chinyezi, ngati bulangete nthawi ya chiperoni. Foul ndi lowola, loti munthu umabweza mutu usanaganize. Fungo lachitatu amati sickly sweet, lonunkha motsekemera ngati nanazi wowolera m'dengu. Ankati awiri omalizawa ukawamva, usadikire mawa.

Kwa mzungu uja tinachedwa. Anamudula mwendo mwezi watha. Ndiulule kwa inu: atandiuza sindinamve chisoni chilichonse, ndinapitiriza kusita. Kutchalitchi ndimagwada, milomo imayenda, koma mumtima muli zii. Muzindipempherera. Panopa ndikuchapa kwa mwana wake wamkazi. Chipinda changa chikudontha, koma zimenezo n'zazing'ono.

Ndikudziwa za kwathu, achimwene. Palibe angauze ababa kuti akununkha. Amayi azingofukiza masamba a bulugamu, alamu azingoika mbale n'kubwerera mwaulemu. Ababa nawo, mmene amachitira manyazi pamudzi pa akazi awo, azingosendeza mpando kutali. Tonse tikhala aulemu mpaka phazi litatha.

Pempho langa ndi limodzi. Inu ndinu mwana wawo wamwamuna. Mukawapeze ali okha, ana atapita kusukulu. Mugwade, mumasule nokha nsanza amamanga ija, muyandikize mphuno. Musapumire pakamwa. Akakalipa, muwauze kuti ndakutumani ndine, adzandikalipire ndikadzabwera. Likakhala lowola kapena lotsekemera lija, tsiku lomwelo muwakweze njinga yamoto kupita kuchipatala cha Mission. Musadzere kwa amalume kukafunsa, mudzawauza pobwera. Ngakhale likhale la chinyezi chabe, apite ndithu akalione madokotala.

Mwina ndikudandaula pachabe. Ndingakonde mutandiseka.

Mupereke moni kwa amayi, kwa alamu a Joice ndi ana, kwa amalume, ndi kwa amvano akutchalitchi kwathu. Ababa muwapatse moni wanga mutaona kale balalo.

Kalatayi ndapatsira a Godwin apatsidya aja, akukwera basi ya mawa. Mundiyankhe pa foni yawo sabata ino isanathe, ngakhale mutapeza zoipa. Musandiuze zimene amayi akunena. Mundiuze zimene mwamva inuyo mutagwada.

Ndine mlongo wanu mwa Ambuye,
Jacqueline