Pini ya Parachuti Ili M'thumba Mwanga

Aphungu,

Ndine mayi woyendetsa galimoto ya mpikisano wa liwiro, uja wongothamanga kamtunda kowongoka. Mkulu wa amakaniko anga ndi amalume anga, a Heriberto. Madalaivala ambiri kuno anadutsa m'manja mwawo, ndipo injini ikangolira amadziwa pamene ikudwala.

Ndikaima pamzere woyambira, iwo amapita kumbuyo kukasolola pini yotsekera parachuti, chinsalu chimene chimatambasuka kumbuyo kwa galimoto n'kundiimitsa kumapeto. Piniyo ili ndi kansalu kofiira. Amandionetsa pawindo, n'kumenya padenga, ine n'kunyamuka. Chiyambire amati, "Usanaone kansaluka, mwana iwe, mwendo usayabwe."

Loweruka lapitali anamenya padenga osandionetsa kansalu, ine n'kuponda moto. Kumapeto ndinakoka chotsegulira parachuti, koma zii. Ndinakaima mumchenga, khoma lili pamphuno. Nditatuluka ndinapeza pini ikadali m'malo mwake. Ndinaisolola msangamsanga n'kuibisa m'thumba iwo asanafike. Anafika wefuwefu, nati, "Waya wa chotsegulira uyu wandichititsa manyazi, ndimusintha." Anamusinthadi, chonsecho wayayo analibe vuto. Masiku ano amabwerezabwereza funso limodzi, ndipo amafunafuna sipanala ili m'manja.

Mpikisano wina wayandikira ndipo ndili ndi mantha. Koma chimwalirire akazi awo, galimotoyi ndiyo imawadzutsa m'mawa. Ndikawauza, si ndawapha amalume anga?

N.O., Coamo

A N.O.,

Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo inu mukulowera komweko. Chikondi chanu ndachiona, koma khoma lija silidziwa kuti muli ndi amalume.

Tiyambe ndi inu. Munanyamukiranji musanaone kansalu? Amalume anaiwala pini, inu munaiwala lamulo lawo. Yambirani pamenepo pokalankhula nawo, nkhani idzapepuka. Pitani kunyumba kwawo, osati kugalaja pamaso pa anyamata. Aikireni piniyo m'manja, muwauze zonse monga mwandiuzira ine. Akapsa mtima, asiyeni apse. Munthu amene wasunga miyoyo ya madalaivala zaka zonsezi adzamva, ngakhale mochedwa.

Mukatero muwaperekeze kwa dokotala. Kuiwala kwina kumachokera ku matenda ochizika, ndiye musawagamule nokha.

Musawalande injini, khutu lawo likadali lakuthwa. Koma za pini asankhe okha munthu wodzawalowa m'malo, amuphunzitse, ndipo aziimirira naye limodzi pamzere. Dzina lawo lidzakhalira mwa munthu ameneyo.

Chenjerani: musavalenso chipewa cha mpikisano piniyo ikadali m'thumba mwanu. Mukuopa kuwaswa mtima ndi mawu. Taganizani tsiku limene adzathamangire kukhoma kuja, n'kupeza kansalu kofiira kakulendewera kumbuyo kwa galimoto, inu muli chete m'katimo.